Muyeso wa onga wa a Reinford Chikadza

Amalume anga, a Reinford Chikadza, anayamba ntchito yokankha mabedi a odwala m'chipatala chachikulu cha ku Edmonton, kumpoto kwa London, m'chaka cha 2001. Amene ankakumana nawo m'makonde a chipatalacho ankaona bambo wamfupi, wa imvi za m'mbali, wosachuluka mawu, wodziwa kukhotetsa bedi pakona popanda kugwedeza mwendo wothyoka wa wodwala. Palibe amene ankadziwa kuti bamboyu anakhala wa gemu m'nkhalango yotetezedwa ya Kasungu kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndi kuti njati yovulala ikalowa m'minda ya anthu, oyamba kuitanidwa anali iwo. Bambo awo anali mlenje wa gogodera, mfuti ija yothira onga ndi chipolopolo kukamwa kwa mpope n'kutsendereza ndi kamtengo. Amalume anaphunzira kuwombera ndi mfuti yotereyo, ndipo atakula analembedwa ntchito yolanda mfuti zomwezo kwa opha nyama mozembera.

Ku London anabwera motsatira akazi awo, mayi Effie, amene ndi namwino. Ine ndinawapeza m'chaka cha 2004 nditabwera kudzaphunzira zamalamulo. Anachotsa masutikesi m'kachipinda kawo kakang'ono n'kuikamo bedi ndi tebulo, ndipo sanandifunsepo tsiku limene ndidzachoke.

Tsiku lina mu Febuluwale 2005 ankaperekeza mayi wina wachikulire wachingerezi kukajambulitsa chiuno. Ali m'chikepe chokwerera kuzipinda zapamwamba anaona timadontho takuda pakhungu la dzanja lamanja la mayiyo, m'munsi mwa chala chachikulu.

"Mayi, pepani kufunsa. Timadontho iti si ta onga?"

Mayiyo anatukula mutu pa pilo. "Anthu ambiri agwira dzanja ili sabata ino. Mmodzi anandifunsa ngati ndimalima maluwa. Inu mwadziwa bwanji?"

"Bambo anga anali nato totere."

Dzina lawo linali Marjorie, mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo anali atawombera chandamale kwa zaka makumi atatu. Anafotokozera amalume kuti ngakhale mfuti zambiri za m'manja zinaletsedwa m'dziko lino m'chaka cha 1997, za mtundu wakale zothirira kukamwa zinali zololedwabe, osati posakira nyama, koma powombera pepala m'kalabu yovomerezeka. Asanatsike m'chikepe anali atalemba dzina la kalabu yawo kuseri kwa envulopu.

Kalabuyo inali kumalire a kumpoto kwa London, pamalo pamene kale ankakumbapo miyala. Dongosolo lake linali lomveka. Wobwera kumene amayesedwa miyezi isanu ndi umodzi akugwiritsa ntchito mfuti za kalabu, kenako komiti imagamula ngati ali woyenera kukhala membala. Wosavomerezedwa ndi komiti sangapemphe chilolezo kupolisi, ndipo wopanda chilolezo sangakhale ndi mfuti yakeyake. Amalume ankafuna chinthu chimodzi chokhacho: kuti komiti iwavomere.

Kutchalitchi kwathu ku Tottenham nkhaniyi inafika msanga. A Goodwell, oyendetsa basi, anawaima patsogolo pa tebulo la tiyi.

"Achimwene, mwapenga? Munthu wakuda, adiresi Edmonton, mukukapempha mfuti kupolisi? Tikuonani pa nyuzi ya sikisi koloko."

"Ndikukawombera pepala, a Goodwell."

"Pepalalo lakulakwirani chiyani? Ngati muli ndi taimu yotaya, tengani ovataimu ngati anzanu."

"Asiyeni," anatero mayi Effie akupukuta makapu. "Zaka zinayi munthu akungopusha mabedi. Loweruka lokha achiteko chimene manja awo amachidziwa."

A Goodwell ankaseka, koma mantha awo anali ndi chifukwa. M'zaka zimenezo nyuzipepala zinkalemba za mfuti ndi anthu akuda ngati zinthu zobadwira pamodzi, ndipo tonsefe, namwino ndi woyendetsa basi yemwe, tinkasenzetsedwa mlandu wa anthu amene sitinawaonepo.

Pa Loweruka lawo lachitatu chiyambireni kupita kukalabuko ndinapita nawo. Pakalabupo onga amaupereka m'timabotolo totseka, tomwe tayezedwa kale, kamodzi pa kuwombera kumodzi. Amalume anayang'ana kabotolo kamene anapatsidwa, nakaona kuti n'kochepa. Anaika chipolopolo pakati pa chikhatho, natsegula timabotolo tiwiri, nayamba kuthira onga pamwamba pake kuti chipolopolocho chibisike. Umu ndi mmene bambo awo ankayezera, ndi alenje onse amene amalume anawadziwa.

"Imani! Aliyense aike mfuti pansi!"

Anali mlembi wa kalabu, amenenso ankayang'anira bwalo lowomberapo tsikulo. Anabwera nkhope ili psuu, nawalamula kuti akhuthulire ongawo m'chidebe cha madzi, nalemba nkhaniyo m'buku la zolakwa. Pa zimenezi ndilibe chodandaula. Onga wapoyera pakati pa anthu asanu ndi atatu amene akuwombera ndi ngozi yeniyeni, ndipo amalume anavomereza pomwepo. Chimene sindinachiiwale ndi funso limene linatsatira.

"Kwanuko munamenya nkhondo iti?"

"Sitinamenye nkhondo, bwana. Ndinkalondera njovu."

Pasanathe ola limodzi, munthu winanso amene anali pa miyezi yoyesedwa, bambo wogulitsa nyumba wa ku Enfield, anatembenuka kuti afunse kanthu mfuti yothira kale ili m'manja, ndipo mpope wake unadutsa pa mimba za anthu atatu. Mlembi uja anamukankhira mkono kutsogolo, nanena nthabwala, onse naseka. M'buku simunalembedwe kanthu. Sabata yotsatira amalume anapemphedwa kuti abweretse pasipoti kachiwiri, ngakhale chithunzi chake chinali kale mu ofesi.

Anasiya kuyezera pachikhatho, koma vuto linatsala. Kalabu inali ndi mfuti ziwiri za obwera kumene. Ina inali ya mpope wautali wosalala mkati, ina ya mpope wamfupi pang'ono wokhala ndi mizere yopotana mkati, imene imazungulitsa chipolopolo kuti chiyende mowongoka. Amalume ankasankha yaitali yosalala nthawi zonse chifukwa inkafanana ndi gogodera, ndipo pa timabotolo ankatenga tatikulu kwambiri timene malamulo ankalola. Mfutiyo inkalira ngati chiphaliwali n'kudumpha m'dzanja. Zipolopolo zinkamwazika, zina pamwamba pa chandamale, zina kunja kwa pepala. Munthu amene ankagwetsa njati ikuthamanga ankalephera pepala loima pamtunda wa mamita makumi awiri ndi asanu, ndipo ndinamva wina akunong'ona kuti mwina za gemuzo n'zongopeka.

Mayi Marjorie anabwerera kukalabu mu Meyi akuyendera ndodo. Anakhala pampando kumbuyo kwa amalume, naonerera mpaka pepala litatsitsidwa.

"A Reinford, kuseri kwa pepalalo kuli chiyani chimene mukufuna kupha?"

Amalume anapukuta manja pang'onopang'ono. Anafotokoza za njati imene inawomberedwa m'chaka cha 1988 ndi munthu woumira onga. Chipolopolo chinangolowa m'phewa n'kuima. Nyamayo inayenda milungu itatu bala likuwola, mpaka inapeza mayi wina akukumba mtedza m'munda wa m'malire mwa nkhalango n'kumupha. Amene anaitanidwa kukaimaliza anali iwo.

"Kwathu munthu wochepetsa onga ndi wankhanza, mayi. Bambo anga akanandimenya."

"Bambo anu ankanena zoona," anatero mayi Marjorie. "Koma pepala silimva kuwawa, ndipo silidzakutsatirani kumunda. Onga wochulukawo ukukankha dzanja lanu m'mwamba chipolopolo chisanatuluke. Mpope wautaliwo mukuugwira ndi dzanja limodzi, ulibe phewa loutsamira, n'chifukwa chake ukugwedera kutsogolo. Musandikhulupirire. Yesani nokha."

Kwa milungu isanu anawauza kuti aziwombera pepala limodzi ndi muyeso umodzi, sabata iliyonse kabotolo kocheperako, kenako abwerezenso ndi mfuti ya mizere. Mapepalawo amalume ankabwera nawo kunyumba n'kuwayala patebulo lodyera motsatana masiku. Mabowo ankayandikirana pepala ndi pepala. Pa pepala lachinayi la mfuti ya mizere onse anakwanira pansi pa kapu ya tiyi imene mayi Effie anavundikirapo. Pa pepala lachisanu, la onga wochepetsetsa, anayambanso kutsika m'munsi mwa chandamale. Muyeso wawo unali wachinayiwo.

Sanakondwere msanga. Anandiuza kuti powombera ndi onga wochepa chotero ankamva ngati akunama, ngati mfutiyo ikutsokomola m'malo molira. Koma anali munthu wokhulupirira zimene maso ake aona, ndipo sanabwererenso ku timabotolo tatikulu.

Mu Seputembala, Loweruka lomaliza la miyezi yoyesedwa, anawombera kakhumi ndi katatu m'theka la ola, monga zimakhalira pa mpikisano. Mabowo khumi ndi awiri anali m'bwalo lakuda la pakati. Komiti inakumana masana omwewo, ndipo mlembi anauza amalume pakhomo kuti, poona cholakwa cha pachikhatho chija, akufuna kupempha kuti awonjezeredwe miyezi itatu. Wogulitsa nyumba uja, amene pepala lake linali ndi mabowo asanu okha m'bwalo lakuda, anali pa mndandanda wa ovomerezedwa. Chigamulo chomaliza anachiika pa msonkhano wa sabata yotsatira.

Ndinalemba kalata ya masamba atatu. Ndinatchulamo lamulo loletsa tsankho, tsiku ndi ola limene mpope unadutsa pa mimba za anthu, pasipoti yopemphedwa kawiri, ndi funso la nkhondo. Amalume anaiwerenga yonse atavala magalasi, kenako anaipinda bwinobwino.

"Mwalemba zoona, mwanawe. Koma onga ndinauthiradi pachikhatho. Ndikatumiza iyi, adzandilola chifukwa choopa loya, ndipo Loweruka lililonse ndizidzaima pakati pa anthu ondiopa. Isungeni."

Sindinagwirizane nawo, ndipo mpaka lero sindigwirizana nawo kwathunthu. Si bwino kuti wolakwiridwa ndiye azisamala mtima wa womulakwira. Koma nkhani inali yawo, ndipo ndinaisunga kalatayo.

Zimene zinachitika pa msonkhanowo anatiuza ndi mayi Marjorie, amene anali m'komiti, atabwera kwathu kudzamwa tiyi. Mlembi atapereka pempho lake, mayi Marjorie anali oyamba kulivomereza. Ananena kuti chitetezo sichisewera, ndipo munthu amene walakwitsa pabwalo ayenera miyezi itatu ina. Kenako anapempha kuti buku la zolakwa litsegulidwe, alembemo cholakwa cha wogulitsa nyumba uja chimene chinaiwalika tsiku lomwe lija, popeza awiri mwa anthu amene mpope unawaloza anali atakhala pa tebulo lomwelo. Anthu awiriwo anayang'ana pansi, kenako mmodzi anati n'zoona.

"Ndiye mwina a Reinford ndi mnzawoyo onse awiri alowe lero, kapena onse awiri adikire," anatero mayi Marjorie. "Ine zonse ndivomera."

Komiti inasankha kuti onse awiri adikire. Mayi Effie anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ine sindinaseke, chifukwa amalume anali atatayabe miyezi itatu imene sanayenere kutaya, ndipo cholakwa cha mnzawoyo chinali chachikulu kuposa chawo. Komabe ndinaphunzira kanthu kwa mayi wachikulireyo kamene m'kalasi sitinauzidwe. Iwo sanapemphere amalume chifundo. Anangofuna kuti muyeso ukhale umodzi, ndipo anaunena pamaso pa anzawo amene anawombera nawo zaka makumi atatu.

Miyezi itatuyo amalume sanajombe Loweruka ndi limodzi lomwe. Ankasinthana mashifiti ndi anzawo, n'kukwera mabasi awiri m'mvula. Wogulitsa nyumba uja, amene poyamba anakwiya, anayamba kuima pafupi nawo n'kumafunsa chifukwa chimene zipolopolo zake zinkathawira kumanzere. Mu Disembala komiti inawavomereza onse awiri, ndipo mlembi yemweyo ndi amene anasaina kalata yopita kupolisi. Chilolezo chinafika mu Epulo 2006, wapolisi atabwera kudzaona kabati yachitsulo yosungiramo mfuti imene amalume anaikhomera kukhoma.

Kusitolo ya mfuti anapita ndi mayi Marjorie, ine n'kuwaperekeza. Mwini sitolo anayala mfuti zitatu pansalu yobiriwira. Amalume anatenga yaitali yosalala mkati, naigwira nthawi yaitali, akusisita mtengo wake ndi chala. Kenako anaibwezera pansalupo, natenga ya mizere, nayang'ana mkati mwa mpope moloza kuwala kwa pawindo.

"Iyi," anatero. "Ndi timabotolo tating'ono."

Tili panja, mayi Marjorie anawapatsa dzanja. Amalume analilandira ndi manja awiri, atawerama pang'ono, pakati pa msewu wodzaza anthu.

"Zikomo, mayi," anatero m'Chichewa, ndipo mayi Marjorie sanafunse tanthauzo lake.