Mpira Wogwa Pakati pa Awiri

Mayi Kuramoto ankagulitsa tofu, chakudya chopangidwa ndi soya, kuseri kwa siteshoni ya sitima, ndipo m'tauni mwathu munalibe munthu wowerama kuposa iwo. Ukagula, ankawerama. Ukangodutsa osagula, ankaweramabe. Ndinawaonapo ndi maso angawa akupepesa munthu amene anawaomba ndi njinga. Mwamuna analibe, ana analibe. Chimene anali nacho chinali Lamlungu, tsiku limene ankatseka shopu n'kutsikira ku bwalo la m'mbali mwa mtsinje.

Kumeneko ankaphunzitsa atsikana a timu yathu ya sofutibo, masewera omenya mpira ndi chibonga ena n'kumauwakha ndi golovesi, makamaka atatu oima kutali aja, kumapeto kwa bwalo, odikira mpira womenyedwa m'mwamba. Makolo ambiri amati kumeneko n'kotayirako ana osatha kusewera. Inenso ndinkatero, mpaka mwana wanga Kaho atalowa timuyo, ine n'kumapita ndi tiyi wa balere ikafika nthawi yanga, monga amachitira mayi aliyense. Ndinkakhala pa benchi ndi ketulo, n'kumaonerera mayi ofatsa aja atasanduka munthu wina.

Ankaponya mpira m'mwamba ndi dzanja limodzi, n'kuumenya ndi chibonga chowonda, mawu ali patsogolo.

"Phazi loyamba kumbuyo! Ukakupitirira pamutu, ali kumbuyo kwako ndani? Mtsinje?"

"Iwe, ukuthamanga utaimika dzanja, ukuimitsa basi? Thamanga kaye, golovesi ukweze utafika!"

Ankawauza kuthothola udzu n'kuuwaza m'mwamba kuti adziwe kolowera mphepo. Koma chimene ankalimbikira koposa chinali kukuwa. Mpira ukamagwera pakati pa awiri, woima pakati ndiye mwini wake. Akuwe kuti "Wanga!", ndipo winayo, kaya akhale wamkulu bwanji, apatuke n'kukaima kumbuyo kwake.

Apa ndi pamene panali povuta. Ife ana athu timawalera kuti wamng'ono asayambe kulowa pakhomo pali wamkulu, asayambe kutola chakudya m'mbale, asakweze mawu. Ndi khalidwe labwino, sindikana, ndipo Kaho ndinamulera momwemo. Koma pa bwalo khalidwe lomwelo limagwetsa mpira pakati pa ana awiri akungoyang'anana. Apo ayi onse amathamanga chamumtima, maso ali kumwamba, wina osadziwa kuti mnzake akubwera.

Tsiku lina tikutsuka makapu, mayi Kuramoto anandiuza za Fumie. Ali mtsikana ankasewera m'timu ya fakitale yoluka nsalu, ndipo Fumieyo anali wamkulu kwa iwo. Mpira unauluka pakati pawo. Iwo anakhala chete chifukwa cha ulemu, Fumie anakhala chete pofuna kusamuopseza mwana, koma palibe amene anaima. Anawombana. Bondo la Fumie linathyoka moti mpaka ukalamba ankayenda chotsimphina.

"Sanandikalipireko ngakhale kamodzi," anatero, akupukuta kapu youma kale. "Bola akanandikalipira, amake Kaho."

Chaka chimenecho kunabwera Nozomi, kamtsikana kochepa thupi, kongoyamba kumene. Mwana ameneyu akangomva chibonga chikulira, miyendo yake inkadziwa kale pogwera mpira. Pakati pankaima Chizuru, kaputeni, amene chinali chaka chake chomaliza m'timumo. Mayi Kuramoto anayang'ana, anayang'ana, kenako anamusuntha Chizuru kumuika kumanzere, Nozomi n'kumuika pakati. Vuto linali mawu. Nozomi akati "wanga", ngakhale udzudzu unkamuposa.

"Mpira uja unali wa yani?"

"Wanga, aphunzitsi."

"Nanga unausiyiranji?"

"Achemwali a Chizuru anali pafupi."

"Pafupi? Achemwali akowo anali kutali ngati ku Osaka! Bwerera!"

Chizuru mwini wake ankaseka, ngakhale m'maso munkaoneka kuti kusunthidwako kunamuwawa. "Iwe Nozomi, tandikuwira, sindiluma ine. Kapena ndikulembere chilolezo?"

Mayi Kuramoto ankamuimika mwanayo m'mphepete mwa mtsinje kuti akuwe mpaka madoda owedza nsomba tsidya linalo atatembenuka. Masabata anapita. Mawu anayamba kutuluka, ndipo tsiku lina anafika m'makutu mwa mayi Shinohara, amake Chizuru, wapampando wa komiti ya makolo.

Mayi Shinohara sanali munthu woipa, ndisaname. Ndiwo ankasonkhanitsa magalimoto timu ikamapita kutali, ndiwo ankayamba kufika n'kumaliza kuchoka. Kungoti anamva kamwana kadzulodzulo kakukalipira mwana wawo anthu akuona, ndipo mtima unawapweteka. Anaitanitsa msonkhano. Tinakhala pamphasa m'holo ya m'dera lathu, mayi Kuramoto okhaokha mbali ina.

"Aphunzitsi, tikuthokoza kwambiri ntchito yanu ya zaka zonsezi," anayamba motero mayi Shinohara. "Tili ndi kapempho kakang'ono. Pa mpikisano womalizawu, ana otsazika aime m'malo awo akale, monga mwa mwambo. Ang'onoang'onowa atsitseko mawu, tsiku limodzi lokha. Zikakuvutani timvetsa. Mwina thupi latopa, mukufunika kupumako."

Kwathu kuno munthu samuuza kuti choka. Amamuuza kuti akapume, ndipo tonse tinamva. Mayi Kuramoto anagwira pansi ndi manja onse awiri, nawerama mpaka chipumi kukhudza mphasa.

"Pepani kwambiri," anatero. "Sindingathe."

Ine pakamwa panga sipachedwa. Ndinafunsa ngati tasonkhana kudzakambirana za mpira kapena za maliro, poti ulemu wake unali womwewo. Mayi Shinohara anandithokoza chifukwa cha tiyi wokoma amene ndimabweretsa, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tsiku la mpikisano kunatentha koopsa, nyenje zikulira m'mitengo yonse. Matimu anali ofanana mphamvu mpaka chakumapeto. Kenako mtsikana wina wamtali wa timu inayo anaumenya mpira m'mwamba, pakati penipeni pa Chizuru ndi Nozomi, wothamanga wawo ali kale panjira yokagoletsa. Onse awiri analiyamba liwiro, maso kumwamba, akulunjikana. Ndinawayang'ana mayi Kuramoto. Sanali kupenya mpira konse, ankapenya miyendo ya anawo, manja atagwira chibonga ngati chiwathawa.

"Wanga! Achemwali, wanga!"

Mawuwo anamveka bwalo lonse, mpaka khanda lina linadzidzimuka n'kuyamba kulira. Chizuru anapatuka pomwepo, n'kuzungulira kumbuyo monga anaphunzitsidwa. Nozomi anadziponya, mpira unagunda nsonga ya golovesi n'kugwa. Chizuru anautola, anauponya mwamphamvu, koma wothamanga uja anali atafika kale. Tinagonja ndi chigoli chomwecho.

Kumbuyo kwanga azimayi ankanong'onezana kuti Chizuru akanauwakha. Mwina akanauwakhadi, ndani akudziwa. Atsikana anafola, anaweramira bwalo, ambiri akulira. Kenako mayi Shinohara anatulutsa maluwa m'galimoto, okulungidwa bwino ndi riboni, ogulidwa masewera asanayambe. Anawapereka kwa mayi Kuramoto ndi mawu okoma a kutsazika, tonse tinaomba m'manja, mayi Kuramoto n'kuwerama monga mwa masiku onse.

Pobwerera ndinayenda nawo, iwo akukankha njinga, ine ndili ndi ketulo yopanda kanthu ndi mkwiyo wodzaza mtima. Anandikwiyitsa ndi komiti, koma iwonso.

"Koma inu mayi, tsiku limodzi lokha! Mukanangovomera, bwenzi chaka chamawa muli pa bwalo. Ndiye taonani, mpiranso wagwa."

"Wagwadi. Anachedwa phazi loyamba, adzakonza." Anapitiriza kukankha njinga. "Tsiku limodzi limakwana, amake Kaho. Munawaona awiri aja potuluka paja? Wamng'ono akupepesa, wamkulu akumumenya ndi chipewa. Onse awiri akuyenda ndi miyendo yawo."

Ndinawamvera chisoni, koma ndinawasiriranso, chifukwa ine wolongololane sindikudziwa ngati ndikanakana chipumi chili pamphasa. Tinakwera chitunda cha mtsinje, tinawoloka njanji, mpaka pakhomo pa shopu yawo. Anaimika njinga, anatulutsa kiyi, koma sanatsegule msanga. Anaima atakumbatira maluwa aja ngati katundu wa munthu wina, kenako anatembenuka, nkhope ili yamanyazi.

"Ndifunseko, amake Kaho. Kodi anthu Lamlungu amachita chiyani?"