Dothi Lakuda Pakhomo Pathu

Ndinaganiza zochoka ku Chowa tsiku limene nesi wa pakiliniki anatiuza kuti Taonga, mwana wathu wa zaka ziwiri, ali ndi mtovu m'magazi. Anati ndi fumbi la mgodi wakale, mgodi womwewo umene unakokera agogo anga kuno ku Kabwe kuchokera ku Dedza. "Musamuke," anatero nesiyo, ngati kusamuka n'kuvula nsapato.

Ntchito ndinakaipeza ku Joni, m'fakitale ya gasi wa m'mafiriji. Gasi wakale ankamudutsitsa m'chithanki chotentha chodzaza ndi timiyala tobiriwira ta kromiyamu, totchedwa katalisiti, ndipo ankatuluka atasanduka gasi wina wosawononga kwambiri mlengalenga. Timiyalato tikada ndi mwaye n'kutopa, ife ndi amene tinkakatikokolola n'kuthiramo tatsopano. Fumbi lake mabwana ankaliopa ngati njoka. Tinkavala masiki, tinkasamba kawiri, ovololo sankatuluka pageti, ndipo ankatiyeza magazi pafupipafupi. Ndinkadziseka ndekha, ine wokulira m'fumbi la ku Chowa, lero kusamalidwa ngati dzira.

Kusungulumwa kokha ndiko kunalibe masiki. Lamlungu ndinkamvetsera mauthenga a mkazi wanga Esnart mobwerezabwereza mpaka foni kuzima. Chilichonse chimene ndinkatumiza ndinkanena poyera kuti n'chopezera nyumba ku Bwacha, kutali ndi mgodi.

"Bashi Taonga, osadandaula, tizakonza vonse," ankatero Esnart, kunditchula kuti bambo a Taonga monga amachitira kuno. "Imwe chabe muzimwa mkaka."

Mkaka ndiwo mankhwala a banja lathu. Kale pamgodi ankapatsa antchito kapu ya mkaka, amvekere umatsuka mtovu, ndipo mayi anga amakhulupirira zimenezo kuposa katekisimu.

Nditabwerako patatha zaka zisanu ndi chimodzi, Esnart sananditengere ku Bwacha. Inali nyumba yathu yomwe ija, koma yopakidwa penti, ya malata atsopano. Bwalo lonse, pamene kale pankadzaza matope, linali lakuda ndi losalala. Dothilo ndinalizindikira ndisanalipondeko. Linachokera pa chimulu cha zotsalira za mgodi.

"Matipa yabili," anatero Esnart monyadira, kunena malole awiri a dothi amene anagula. "Manje kulibe matika, mwana sangena na matope mu nyumba. Na mkaka amamwa daily."

"Nanga Bwacha?"

"Amai banu banakana. Bati nyumba ya atate siisiyiwa."

Taonga anali atakhala pansi pomwepo, akuumba tinyumba ndi dothilo, chala chikupita kukamwa. Giredi wani akubwereza. Aphunzitsi akuti zimene wamva m'mawa, masana zauluka. Kukiliniki anandiuza kuti mtovu uja wachuluka kuposa kale.

Ndinapsa mtima, koma woti ndimukalipire ndinamusowa. Esnart anachita zimene mkazi aliyense wakhama wa ku Chowa amachita, kukonza pakhomo. Chimene chikundiwawa mpaka lero n'chakuti anthu osadziwa n'komwe dzina la mwana wanga ankanditeteza ku fumbi, pamene ondikonda anagula chiphe ndi thukuta langa n'kumuyalira mwanayo kuti azisewerapo.

M'mawa mwake ndinabwereka fosholo ndi wilibala, n'kuyamba kufukula bwalolo. Mayi Phiri, oyandikana nafe nyumba, anaima pampanda akundiyang'ana kwa nthawi yaitali. Kenako anatsokomola mwaulemu.

"Bashi Taonga, ngati mutaya, mutipaseko. Mvula ili pafupi, na ise tili na bana."