Mpando Umodzi pa Tsiku la Maliro

Galimoto yanga yoyamba inali yofiira, ya mipando iwiri, yotsika kwambiri moti mahampu a ku Kabwata ndinkawadutsa chopingasa ngati nkhanu. Ndinaigula kwa mkulu wina wa ku Kabulonga itakalamba kale, koma ikalira anthu ankatembenuka. Ndinkaikonda mopusa. Loweruka lililonse ndinkagona chagada pansi pake, mafuta mpaka m'zigongono, mkazi wanga akungondiyang'ana pazenera.

Apongozi anga aakazi atamwalira ku Chelstone m'pamene ndinadziwa chimene ndinagula. Kuno pamaliro, mwini galimoto sadikira kupemphedwa. Amangotsegula zitseko, anthu n'kulowa mpaka kudzaza. Alamu anga ananyamula khamu aliyense. Ine ndinali ndi mpando umodzi. Ndinkati ndi wa mkazi wanga, koma azakhali ake, mayi okalamba oyendera ndodo, anali ataima kale pachitseko, ndipo sungasiye wamkulu pansi n'kukweza mwana. Tinawapindapinda mpaka analowa. Mkazi wanga anakwera lole ya olira. Njira yonse yopita kumanda ndinkamuona kutsogolo kwanga ali chiimire, atagwira chitsulo, fumbi likumuthira kumaso.

Sanandinene, ndipo bola akanandinena. Patatha miyezi ingapo ndinaigulitsa galimotoyo.

Imene ndili nayo tsopano ndi yotuwa, ya mipando isanu. Imalira m'mawa uliwonse popanda kuinyengerera, mahampu imakwera molunjika, mafuta imangonyambita. Ndikaimika m'tauni ndimaisowa pakati pa zinzake zofanana nayo. Palibe amene amaitembenukira, koma abale onse amaidziwa. Maliro, maukwati, matumba a makala, odwala opita kuchipatala, zonse ndi ine. Sindikana. Ndimati ndikukonza cholakwa chija, ngakhale kuti kunena zoona ndatopa.

Chaka chatha, titaima pamaloboti ku Woodlands, ndinamva kulira kwa injini kuja. Inali galimoto yanga yakale yomweyo, ataipaka utoto wachikasu. Ndinaitsatira ndi maso mpaka inakhota. Mkazi wanga anandifunsa ngati ndikuifunabe. Ndinati ayi, nanga si inamusiya palole tsiku loika mayi ake?

Anasalaza chitenje pamaondo.

“Si motoka inanisiya,” anatero. “Siku ija nenze kukuonani kumbuyo. Nenze kufuna chabe munthu wonigwila kwanja.”

Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti vuto linali kuchepa kwa mipando. Sizinandibwererepo m'mutu kuti ndikanatha kupereka makiyi kwa mlamu, atenge azakhali aja, ine n'kukwera lole kukaima pambali pa mkazi wanga, n'kumugwira dzanja.

Wa minibasi kumbuyo kwathu anayamba kuliza hutala. Ndinalowetsa giya, tinapita kukatenga abale amene ankatidikira ku Libala.