Fayini wa a Stewart

A Stewart aja okhoma zidebe pa Songani, amene nyumba yawo yagundizana mpanda ndi yanga, ali ndi liwu limodzi lachingerezi: fayini. Analitola ali mnyamata, akugwira ntchito yakukhitchini kwa mzungu wina ku Malosa. Mzunguyo anapita kalekale, liwu linatsala.

Ine zaka zonsezi ndakhala ndikuwamva, ndiye ndimasiyanitsa. Ukawapatsa moni, fayini wake ndi wachangu, ngati akuthamangitsa ntchentche. Akamaliza kumata chidebe, amachigogoda n'kukoka liwu, "fayiiini," apo dziwani kuti sichidonthanso. Koma pali wina wapansipansi, wa m'mene akazi awo, mai Irene, ankawakalipira. Ameneyo ndi woti zandipweteka koma sindiyankha.

Mai Irene anatisiya chaka chino cha 96, mpunga uli pafupi kucha. Tsono a Stewart ndi mkamwini, eti. Anabwera kuno kudzakwatira kuchokera ku Phalombe. Nyumba anamanga okha, mango onsewa anadzala okha, koma dothi ndi la kuchikazi. Ndipo kwawo ku Phalombeko napolo wa 91 anakokolola mudzi, abale otsala anabalalika. Kulibe ngakhale khonde loti akakhalepo.

Ndiye ndikumva pachitsime kuti a Isaki, mlongo wawo wa malemu, ayitanitsa mbumba Loweruka kuti awasudzule. Kusudzula ndiko kumasula wamasiye, azipita kwawo ngati afuna. Koma a Isaki ndimawadziwa ine. Diso lawo linali pa dimba la malemu la m'mbali mwa mtsinje wa Domasi.

Mtima wanga sunakhale pansi. Nanga munthu woti ngakhale atamuponda phazi amati fayini? Lachisanu ndinapita kwa a Stewart ndi ndowa yabwinobwino, ati ikudontha.

"Achimwene, mawa akakufunsani muyankha chiyani?"

"Ndowa iyi ilibe vuto, mayi."

"Siyani ndowa! Mukangoti fayini pamenepaja, Lolemba mukwera basi ndi nyundo zanuzo. Chisoni mumusiyira ndani?"

Chisoni ndi mwana wawo wotsiriza, ali folomu thuu.

Anangoitembenuza ndowa ija. "Fayini," anatero. Wapansipansi uja. Iii, ndinangotenga ndowa yanga n'kubwerera.

Loweruka ndinakhala kuseri kwa mpanda ndi lichero, kupeta mpunga wopetapeta kale. Anthu anakhala pansi pa mango. A Isaki anayankhula bwino, zisamanamizidwe: alamu munatisungira mlongo wathu, munamudwazika, lero takumasulani, njira ya kwanu ndi yoyera.

Lichero ndinaliimika. Ndinamva a Stewart akukonza kukhosi, ndipo ndinati basi, liwu lija likubwera, Ambuye tithandizeni.

"Alamu," anatero, "kwathu kwake kuti?"

Kenako anapitiriza.

"Mano anga anagwera pano. Ana anga awiri ali kumanda kwanu uko, tsopano ndi mayi awo. Mukuti ndikalire kuti?"

Chichewa chokhachokha, anthuni. Chisoni anayamba kulira. Azakhali ena achikulire anati, "Isaki, mtengo wakupatsa mthunziwu anadzala ndani?" A Isaki anayamba zoti iwo sanathamangitse munthu, mwambo ndi mwambo basi. Anakangana mpaka dzuwa kupendeka.

Anagwirizana kuti a Stewart akhale m'nyumba yawo ndi Chisoni. Dimba lokha linapita kwa a Isaki. Zoti chimene a Isaki ankafuna ndi dimba lomwelo sindinanene, si mbumba yanga.

Anthu atabalalika ndinasuzumira pampanda. A Stewart anali atakhala pa mpando wawo wachikopa, chipewa pabondo.

"Zatha bwanji, achimwene?" ngati sindinamve.

"Fayini."

Ndinatchera khutu bwinobwino. Sanali wokoka uja wa chidebe chomata, ayi. Koma sanalinso wapansipansi. Ameneyu sindinamumvepo, ndipo mpaka lero ndikamva nyundo yachedwa kulira m'mawa, ndimayamba ndasuzumira.