Nyerere za Kuseri kwa Chigafa

Ndikukumbukira chaka chimene makuponi a fetereza anafika kwathu ku Simlemba, chifukwa ndi chaka chimene anthu anayamba kutha kusiyanitsa bambo anga ndi m'bale wawo. Bambo, a Filimoni, anabadwa mapasa ndi a Filipo, amene ife tinkawatchula bambo aang'ono. Ankafanana moti ngakhale agalu athu ankasokonezeka. Onse anali oonda, ndipo masiku amenewo kuonda sikunali kwabwino. Munthu ukangotsika thupi, anthu ankayamba kunong'onezana za matenda aja osatchulidwa dzina.

Chaka chimenecho mvula inagwa bwino, chimanga chinasefukira m'nkhokwe, fodya naye anadzaza chigafa mpaka mikangala yoyanikira inatha. Bambo pochokera kogulitsa fodya anatulukira pa njinga yamoto yofiira! Ndinathamanga nayo mudzi wonse ndikukuwa, fumbi lili koboo, ndipo fungo la petulo linkandikomera kuposa la mafuta odzola. Kuyambira pamenepo bambo anasiya kupalasa, kumunda anaikako aganyu. Tiyi wawo ankathira shuga mpaka wina kutsalira pansi ngati mchenga, ndipo ine ndinkadikirira kapuyo kuti ndinyambite. Masikono, nyama yokazinga ya pamsika, zakumwa za m'botolo, zonse zinali zathu. Mimba inatuluka, khosi linapindika, mayi n'kumayenda monyada kuti amuna awo akuoneka ubwana. Bambo aang'ono anagula ng'ombe, n'kumapalasabe kanjinga kawo kolira ngati nkhanga.

Zinthu zinayenda choncho zaka zingapo, kenako ine Tamala ndinatulukira chuma. Kuseri kwa chigafa, pamene bambo ankatayira madzi akamasankha fodya, nyerere zinkaunjikana bii. Ndinati basi, wina wakwirira shuga pamenepa. Ndinakumba ndi kamtengo, osapeza kanthu, ndipo ndinathamanga kukaitana azakhali, mlongo wawo wa bambo, kuti adzandithandize kukumba. Iwo sanaseke. Anawerama n'kuziyang'anitsitsa nyererezo.

"Mwanawe, izi ndinaziona kale," anatero. "Agogo ako aamuna zinkawatsata chonchi. Ludzu losatha, kenako chilonda chapaphazi chosapola, mpaka tinawaika."

Apo m'pamene ndinachita mantha. Nanga si bambo nawonso ankamaliza chigubu cha madzi okha?

Bambo anakana kwamtuwagalu, amvekere munthu wonenepa chonchi angadwale bwanji. Koma azakhali anali osagonja. Anawatenga mapasa onse awiri kupita nawo kuchipatala cha ku boma, nanenso anandikweza monga mwini nyerere. Kunena zoona, mantha anandithera panjira. Aka kanali koyamba kuona Kasungu, magalimoto mbwee, nyumba zosanjikizana, ndipo khosi linandiwawa ndi kucheuka.

Namwino anawabaya chala onse awiri. Bambo anapezeka ndi shuga, bambo aang'ono ayi.

"Zatheka bwanji? Ife mimba imodzi, tsiku limodzi!" anatero bambo.

"Mbewu ndi imodzi, bambo, yochokera kwa makolo anu," anayankha namwinoyo. "Koma inu yanu mwaithirira fetereza. Awanso akayamba kukhala ngati inu, ikhoza kumera." Kenako anandiloza ine. "Kamtsikanaka nako muzikayang'anira."

Ndinatuluka modzimva, ngati ndapatsidwa cholowa.

Bambo mankhwala sankawaopa. Chimene chinawasowetsa mtendere n'chakuti anauzidwa kuti atsitse thupi. Anthu adzati chiyani akadzawaona akuonda? Mayi, omwe aja ankanyadira mimba, ndi amene anadula nkhani. "Bola akuneneni mukuyenda, kusiyana n'kuti akutamandeni muli m'bokosi."

Tsiku lotsatira bambo anakankha njinga yamoto ija mpaka pakhomo pa m'bale wawo kuti asinthane ndi yakapalasa. Bambo aang'ono anabwerera m'mbuyo manja ali m'mwamba. "Iwe Filimoni, ukufuna undipatsire?" Tinaseka mpaka kugwira nthiti. Njingayo inagulitsidwa, ndipo ine ndinalira kuposa mwini wake. Pakhomo panabwerera mgaiwa, bonongwe ndi nkhwani. Khasu linabwerera m'manja mwa bambo, tiyi ankamwa wopanda shuga nkhope itakwinyika, ndipo ine ndinasowa chonyambita.

Anthu ananenadi. Ena ankasiya nkhani bambo akamadutsa, ndipo ndinkawaona bambo akungopitiriza kupalasa. Koma Lamulungu lina potuluka m'tchalitchi, mkulu wa mpingo anawagwira dzanja n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, a Filipo? Nanga odwala aja ali bwanji?" Bambo anaseka mpaka misozi, osamuwongolera n'komwe. Anangoti, "Akupezako bwino." Nkhani imeneyi anaifotokoza mpaka tonse tinatopa nayo.

Lero pamsika pathu njinga zamoto zachuluka ngati ngumbi, ndipo ana anga akatumidwa pafupi pomwepa amafuna kukwera. Ndimawayendetsa wapansi, akadandaula ndimawauza za nyerere. Ineyo ndimakabayitsa chala kawirikawiri, poti mbewu ija mwina ndinaitenga. Agogo aamuna sindinawaonepo, koma ana anga awo amawaona. Tikapita ku Simlemba amathamangira madala awiri a imvi atakhala pakhonde, ndipo mpaka lero amayamba afunsa kuti agogo awo enieni ndi ati.