Nsalu Imene Sinapite ku India

Lachisanu loyamba la mwezi wa Febuluwale, itangokwana 3 koloko masana, mwana wanga woyamba anafika pakhomo m'komboni ya Kanyama atasenza phukusi, nsapato zili m'manja chifukwa cha madzi a m'njira. Chinali chaka chimene fakitale yathu inatsekedwa. Ine ndinkangokhala pakhomo, mayi ake akugulitsa tomato kumsika.

Mtsikanayo ankaphunzira zojambula pa koleji ina m'tauni. Anamasula phukusi lija patebulo. Munali nsalu yoyera yaitali, yogawidwa patatu ndi ulusi wofiira. Chigawo choyamba chinali chojambulidwa kale: nyumba zazitali, njinga zambirimbiri, ndi sitima yodutsa pakati pa mitengo.

"Aba ni ba ku Sweden, badadi," anatero. "Apa pakati ni ise. Tikasiliza izayenda ku India."

Anandifotokozera kuti ophunzira a maiko atatuwo anagwirizana kujambula mzinda umodzi woti adzukulu awo adzakhalemo pamodzi. Lamulo linali lakuti chilichonse chimene anzako afikitsa pamalire, iwe uchilandire n'kuchipitiriza. Njanji ya a ku Sweden inathera pa ulusi, ndiye iye ndi anzake asanu anayenera kuyambira pomwepo.

"Sitima ya azungu idzadutsa mu Kanyama?" ndinafunsa. "Muigulire majombo."

"Imwe badadi! Mu Kanyama yanga mulibe matope."

Iye ndiye anali mtsogoleri wa gululo, motero nsaluyo inkasungidwa kwathu. Anzake ankabwera Loweruka, n'kuiyala pasimenti, n'kugwada moizungulira. Utoto unali wosowa m'masitolo. Anali ndi timabotolo tinayi, ndipo ankakangana pa dontho lililonse. Anajambula ngalande zakuya, msika wofolera bwino, mpopi pakhomo lililonse. Mwana wanga anatenga paipi ya madzi kuchokera pakati pa komboni n'kuifikitsa pa ulusi wachiwiri, kuti a ku India akaone chochita nayo. Nsaluyo inangotsala kuuma ndi kupita ku positi.

Mu Epulo anadwala malungo. Anagona masiku anayi, n'kutisiya. Za masiku amenewo sindilemba.

Kwathu, maliro akaikidwa, zovala ndi katundu wa malemu zimagawidwa kwa abale. Mwana ndi wa kuchikazi, choncho wogawa ndi malume ake. Bambo amakhala pambali n'kumaonerera. Mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, anabwera kuchokera ku Katete, ndipo ndiye anagula bokosi ndi ufa wa pamaliro.

Tsiku lotsatira, dzuwa lili pamutu, azimayi anatulutsa zonse za m'chipinda cha mwanayo n'kuziunjika pamphasa. Mlamu wanga ankanyamula chimodzichimodzi n'kutchula wolandira. Diresi, nsapato, ambulera. Kenako ananyamula nsalu yoyera yopindidwa, zojambula zili mkati. Ndinaizindikira ndi ulusi wofiira uja.

"Iyi ipite kwa amayi ake aakulu."

Amayi aakuluwo ndi mkulu wake wa mkazi wanga. Ndiwo analera mwanayo kumudzi zaka ziwiri, nthawi imene mayi ake ankadwala.

"Alamu," ndinatero, "nsalu imeneyo..."

"Alamu, inu mwatopa ndi kulira. Pumulani. Ntchito ino ndi yathu."

Analankhula mwaulemu ndithu. Amuna onse anatembenukira kwa ine. Mkazi wanga anali m'nyumba, osatha ngakhale kudzuka. Anzake a mwanayo anali atabwerera kusukulu. Wodziwa kuti nsaluyo inali ndi eni ake m'maiko atatu ndinali ine ndekha, ndipo mawu anayi kapena asanu akanakwanira. Koma bambo wotsutsa pogawa amanenedwa kuti akukanirira katundu wa mwana, ndipo ine ndinali nditadya ufa wa munthu yemweyo masiku atatu. Ndinayang'ana pansi. Amayi aakulu analandira ndi manja awiri.

M'mawa mwake ndinatenga chitenje chatsopano cha mkazi wanga, ndinachiika m'pepala, n'kuyenda wapansi kupita kokwerera mabasi a kum'mawa, kumene amayi aakulu aja ankadikira basi ya ku Katete. Njira yonse ndinkakonza mawu. Ndinati ndiwapempha tisinthane, ndiwauze za ana a eni ake amene akudikira kutsidya kwa nyanja.

Ndinawapeza atakhala pathumba la katundu, nsalu ija atayala pamiyendo, mbali ina ikukhudza fumbi.

"Alamu, bwerani muone," anatero. "Ndimayesa ndi nsalu wamba. Taonani pampopi apa. Mayi uyu wa ndowa, si ine uyu? Onani mmene waimira, mwendo umodzi atapinda. Ndi ine ndithu. Anandikumbuka mwana wanga."

Ndinaona mayiyo. Anali kamunthu kotalika ngati chala, kopanda nkhope. Ndinalipo tsiku limene kanajambulidwa, ndipo anakajambula ndi mnzake wina wa ku Matero, osati mwana wanga.

"Ndi inu, alamu," ndinatero.

Anapukuta maso ndi ngodya ya nsaluyo, n'kuyamba kuipinda mosamala. Ndinawapatsa chitenje chija, ndinati mng'ono wawo watumiza. Basi itafika ndinawakwezera thumba lawo, ndinaima mpaka inatuluka pachipata.

Kuchoka apo ndinapita kukoleji. Mphunzitsi wa gulu lawo anali m'kalasi, ndiye ndinadikira pabenchi panja. Atatuluka anandipepesa za maliro, kenako anafunsa ngati ndabweretsa nsalu, poti a ku India analemba kale kalata yofunsa. Ndinavula chipewa. Ndinamuuza kuti nsaluyo ili m'basi ya ku Katete, kuti ndinaiona ikuperekedwa, ndipo ndinali ndi mpata woipempha kawiri. Kenako anafunsa kuti awauza chiyani ana asanu aja.

Ndinati awaitane, ndiwauza ndekha.