Maliro a Nangondo analibe nyimbo

Lachiwiri ndinali pamaliro ku Lifuwu, ndipo mpaka lero mtima wanga sunakhale m'malo. Tinkaika mayi Nangondo, amene ankatigulitsa mpunga pamsika. Kuchokera pasiwa mpaka kumanda kunangoti zii. Tinkangomva mapazi athu ndi kulira kwa ana awo.

Inu mukuwadziwa maliro a Mkhristu kwathu kuno. Amayi amavala zoyera, nyimbo zimaperekeza bokosi mpaka m'dzenje. Nanga apa chinavuta n'chiyani?

Mayiwa anadulidwa mumpingo kalekale chifukwa chokwatiwa pamitala. Mwamunayo atamwalira, iwo anabwerera kutchalitchi n'kuyamba kalasi ya olapa. Ankakhala pabenchi yakumbuyo, ndipo tsiku la mgonero ankatuluka mwakachetechete mkate usanayambe kugawidwa. Imfa inawapeza akudikirabe kuti akulu a mpingo akhale pansi, awalandirenso.

Mwana wawo wamkazi, Esinati, anagwada pamaso pa mkulu wa mpingo. "Bambo, chonde, nyimbo imodzi yokha. Amayi analapa, inu nomwe ndinu mboni."

"Mwana wanga, nanenso zikundiwawa," anayankha mkuluyo maso ali pansi. "Koma lamulo ndi lamulo. Anali asanalandiridwe."

Sindikuwanyoza bambo amenewa, misozi yawo ndinaiona. Mpingo wopanda mwambo sungasiyane ndi msika, zimenezo ndikudziwa.

Koma pafupi nane panakhala mayi wina wachisilamu, mnansi wa malemu, amene anagona nawo pasiwapo. Anandikoka chitenje n'kundinong'oneza kuti, "Amayi, si inu mumati Yesu anafera machimo onse? Nanga la anzangawa linatsala bwanji?"



Pamgonero uliwonse timamwa chikho n'kumati ndi pangano latsopano. M'pangano limenelo Mulungu sanangolonjeza kukhululuka, analonjezanso kuti tchimolo sadzalikumbukiranso. Kodi anati adzayamba wadikira msonkhano wa akulu? Wachifwamba uja wa pamtanda analowa kalasi yanji?

Ife ndiye osunga mangawa. Mtsikana amene anatenga mimba ali pasukulu lero ali ndi zidzukulu, koma akamadutsa timamulozabe ndi milomo. Wosiya kachasu akaimirira kuti apemphere, timatsinana m'mabenchi. Mulungu anafufuta, ife tikuwerengabe. Timaiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Adzukulu atamaliza kukwirira, Esinati anayambitsa yekha nyimbo, mawu atasasa ndi kulira. Anaimba mzere umodzi, n'kucheuka kuyang'ana amayi a kwaya, anzawo a malemu amene ankadzala nawo mpunga m'madimba. Onse anazolika. Palibe amene anamuyankha. Anayesanso kachiwiri, kenaka n'kuisiya.

Zinandipweteka kwambiri, abale anga.

Timaphunzitsa ana athu kuti wochimwa mmodzi akalapa, kumwamba kumakhala chimwemwe. Ngati kumwambako anaimba tsiku limene Nangondo analapa, ife pamanda paja tinkaopa yani?